Chingwe Chogona M'madzi

"Mwati mwakana? Atsibweni kukutumani, inu n'kukana, anthu akuona?"

Elube adasiya munsi uli chiimire mumtondo n'kutembenukira mwamuna wake. Stefano adali atakhala pakhonde, akuchotsa dothi m'zikhadabo ndi kamtengo, ngati munthu amene sadapalamule kanthu.

"Sindidakane ntchito, make Debora. Njerwa ndasenza tsiku lonse, taonani mapewawa. Chimene ndakana n'chimodzi, kukaviika chingwe chija kudambo."

"Nanga imeneyo si ntchito? Chiyambire kumanga tchalitchichi chingwecho chimagona m'madzi. Lero ndiye chalakwa chiyani?"

"Chidayamba kulakwa tsiku loyamba lomwelo. Ine ndimangoyang'ana, poti pakamwa pa mkamwini m'podyera basi."

"Bwenzi mutapitiriza kudyerapo! Mukufuna akusudzuleni? Mwaiwala kuti mudzi uno si wanu?"

"Ndingaiwale bwanji, chikhalirecho amandikumbutsa m'mawa ndi madzulo?"

Chidali chaka chachisanu chithereni nkhondo ya Jeremani, ndipo Akhristu a mudzi umenewo, kumapiri a kufupi ndi Msakambewa, ankamanga tchalitchi cha njerwa. Makoma adali atatha. Chotsala chidali denga. Mzungu wa kumishoni adawabwereka gudumu lachitsulo lokhala ndi mbedza, chingwe chachitali chokokera, ndi china chachifupi chokulunga pamtengo umene ukukwezedwa, chimene amuna a pantchitopo ankangochitcha lamba. Zonsezi adazisiya m'manja mwa a Aroni, mkulu wa mpingo, amenenso adali atsibweni ake a Elube, mwini mbumba yonse ya pamudzipo. A Aroni sadali munthu waulesi ayi. Katundu wa mzunguyo ankamusamala koposa mbuzi zawo. Madzulo aliwonse ankatuma munthu kukamiza zingwe ziwirizo m'dziwe la kudambo, n'kutsindikapo mwala, monga momwe munthu aliyense wanzeru amachitira ndi luzi.

"Tandiuzani," adatero Elube, mawu atatsika tsopano. "Luzi timaviika kuti lilimbe. Madzi omwewo angaphe bwanji chingwe chinzake?"

Mkaziyu adali ndi nthenda imodzi yosachiritsika: kufunsa. Ngakhale mkwiyo utamufika pakhosi, funso likangomudutsa m'mutu mkwiyo wonse unkayamba wadikira.

"Luzi ndi khungwa la mtengo," Stefano adayankha. "Likauma limathyoka, ndiye timaliviika kuti lifewe. Tikamangira, limaumira padenga pomwepo, nkhani yatha. Koma chija ndi ulusi, zingwe zitatu zopotana. Madzi akalowa m'kati satuluka. Kunja kumauma bwinobwino, mtima wake uli chinyowere. Miyezi inayi tsopano."

"Zimenezi mudazidziwira kuti?"

"Nthawi ya mtengatenga, padoko pamene tinkatsitsa katundu wa nkhondo. Padali nkhalamba ina yoyang'anira zingwe. M'mawa uliwonse, tisanakweze ngakhale thumba limodzi, inkayenda nacho chingwe chonse m'manja, chikhato ndi chikhato, kuchipotokola, kusuzumira m'kati, kununkhiza."

"Kununkhiza chingwe? Ngati ndiwo zogona?"

"Ngati ndiwo zogona. Ikapeza pamodzi pokha pakuda, chonsecho inkachidula ndi nkhwangwa kuti wina asadzachitolenso. Ndipo munthu woima pansi pa katundu ali m'mwamba inkamukwapula ndi dzanja lake."

"Nanga kuno amaima pansi ndani?"

Stefano adataya kamtengo kaja.

"Loweruka la sabata yamawa tikweza mtanda waukulu wonyamula denga, wa mbawa uja adasenza amuna khumi ndi awiri kuchoka kochekera matabwa. Atsibweni anu anena kuti poti ndili ndi nzeru zambiri za zingwe, ine ndidzaima pansi pake pakatikati ndi mphanda, kuukankha kuti ukhale pakhoma."

Adakali chilankhulire, a Rebeka, amake a Elube, adatulukira kuseri kwa nkhokwe. Stefano adanyamuka mwaulemu n'kupita kukhola, pakuti mkamwini sakhala maso ndi maso ndi apongozi aakazi. A Rebeka adadikira kuti apite patali pang'ono, koma osati patali poti sangamve.

"Iwe Elube, mwamuna wakoyu wadya chiyani? Achimwene abwera kwanga akunjenjemera milomo. Akuti wawachititsa manyazi pamaso pa mpingo."

"Akuti chingwe chikuwola, amayi."

"Chikuwola! Chingwe cha mzungu chiwole? Chidawoloka nyanja zingati chisanafike kuno? Umuuze kuti mkamwini asamakule mwendo. Mlendo ndi mame, dzuwa likangotuluka sitimuonanso."

"Koma paja amatinso mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa."

"Kalumo kakuthwa kamachekanso mwini wake! Taona, mwana wamng'ono ali kumsana. Achimwene akangoti apite, apita yekha ndi nkhwangwa yake, Debora atsala kuno. Ndi zimene ukufuna?"

Elube adatembenukira kumtondo. Adanyamula munsi n'kuyambanso kukonola, koma m'mutu mwake munkangozungulira nkhalamba yonunkhiza zingwe ija.

M'mawa mwake adalawirira kudambo, akazi anzake asanayambe kutsika ndi mitsuko. Zingwe zidalipo, pakuti wina adazimiza m'malo mwa Stefano. Zidali zitadzipinda m'madzi pansi pa mwala, nsonga imodzi ya chachitalicho itamangidwa kumtengo wa mkundi pamtunda. Elube adatula mtsuko, adayang'ana uku ndi uku, n'kugubuduza mwala uja. Adavuula lamba. Koma kulemera kwake! Kunja adali wosalala, wonenepa ngati mkono wa mwana, wopanda pothothoka ngakhale pamodzi. Munthu akadalumbira kuti angakoke njovu.

Adamugwira ndi manja awiri n'kupotokola monga amapotokolera nsalu pofinya, koma chobwerera. Zingwe zitatu zija zidayasama. M'katimo mudali bii, ndipo mudatuluka fungo ngati la matsukwa ogonera masiku atatu. Adapisa chala, adakoka kaulusi kamodzi, n'kuduka kopanda ngakhale kulira.

"Ha!" adatero yekha.

Koma Elube sadali munthu wokhuta ndi yankho limodzi. Bwanji ngati zingwe zonse za azungu m'kati mwake zimakhala choncho? Adakwera pamtunda paja, pamene nsonga yomangidwa kumkundi sinkafika m'madzi, n'kupotokolanso. Umo mudali moyera ngati udzu wouma, mopanda fungo. Kaulusi kamene adakoka mmenemo kadamucheka chala kasanaduke. Adabwerera kwa lamba, adayesa pena, adayesanso pena, malo asanu ndi awiri. Pawiri padali pabwinoko. Ponse potsala padali pakuda. Adabwezera zonse m'madzi, adatsindika mwala, n'kutunga madzi ake kumtunda kwa dziwelo.

Masiku otsatira Elube adapeza zifukwa zambiri zodutsira patchalitchi. Lero wabweretsa thobwa, mawa akufuna mapale a njerwa oti akaikire poto. Amuna adali akukweza mitengo ing'onoing'ono ya m'mbali. Gudumu lija adalipachika pansonga ya milongoti itatu yolumikizana pamwamba, ndipo chingwe chinkadutsa pagudumupo n'kutsikira kwa okoka, amene ankaima chapatali, panja pa khoma. Iye ankaonetsetsa chilichonse: momwe lamba ankalumira m'mphepete mwakuthwa mwa mtengo wochekedwa, momwe madzi akuda ankadonthera chingwe chikakungika. Kenaka adayamba kuwerenga anthu, ndipo apa ndi pamene adaona chinthu chimene sadabwere kudzafuna.

"Amayi," adafunsa madzulo ake akusadzula nawo mtedza, "bwanji okoka chingwe onse ndi ana a mudzi uno? A Isake a atsibweni, a Felton, achimwene anga a Solomoni, onse ali panja pa khoma."

"Nanga si ndiwo amphamvu?"

"Nanga oima pansi ndi mphanda bwanji onse ndi obwera? Bambo a Debora, a Andreya amuna a Tabita, amuna a Kezia, amuna a Manesi. Anayi onse akamwini okhaokha."

A Rebeka adapitiriza kusadzula osakweza mutu.

"Zidayamba kale zimenezo. Pogwetsa mtengo waukulu, pokumba chitsime, polowa m'nkhokwe muli njoka, amatsogola ndi mkamwini. Atate ako nawonso adalowa m'chitsime chija cha kumunsi."

"Adalamula ndani kuti zizitero?"

"Iwe, mafunso akowa adzakudyetsa zowawa. Palibe adalamula. Zimangokhala choncho."

"Ndiye achimwene a Solomoni akadzakwatira ku Bowe kuja akupita, nawonso adzawaika pansi?"

A Rebeka adamuponyera khoko la mtedza n'kumuuza kuti atseke pakamwa, koma manja awo adaima kanthawi asanayambirenso ntchito.

Lachitatu la sabata yotsatirayo, kutatsala masiku atatu, Elube adatenga chipanda cha thobwa n'kupita kwa atsibweni ake. Adawapeza masana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yawo, akusema chipilala cha mphanda. Zingwe zidali pambali pawo. Adagwada, adapereka thobwa, n'kudikira kuti amwe.

"Wabwera kudzapepesera mwamuna wako?" adafunsa a Aroni akupukuta ndevu.

"Ndabwera kudzafunsa, atsibweni. Paja safunsa adadya phula."

"Funsa, mwana wa mlongo wanga. Iwe udayamba kufunsa usanamere mano."

"Mzungu pobwereketsa chingwechi, adanena kuti tiziviika?"

"Adanena kuti tichisamale. Nanga munthu wamkulu ngati ine achite kundiuza kasamalidwe ka chingwe? Ndamanga madenga angati m'mudzi muno? Lidagwapo liti?"

"Palibe lidagwa. Koma madengawo mudamanga ndi luzi."

"Chingwe ndi chingwe."

"Nanga m'kati mwake mudayamba mwaonamo?"

"M'kati mukhala chiyani? Taona wekha kukongola kwake."

"Paja amati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere."

A Aroni adaika chipanda pansi mwamphamvu, thobwa n'kutayikira.

"Wakutuma eti? Iye akuopa kubwera, watuma mkazi! Tamvera, Elube. Lamulungu mzungu abwera kudzaona denga. Mvula ili pafupi, makoma awa akanyowa agwa, thukuta la mpingo wonse lipita pachabe. Ndipite kumishoni ulendo wa masiku awiri, ndikanene kuti chiyani? Kuti Aroni, mkulu wa mpingo, wawoletsa katundu wa eni ake? Chifukwa cha mawu a munthu amene kwawo sitikudziwa ngati kuli nyumba ya njerwa?"

"Sadanditume, atsibweni. Ndidapotokola ndekha kudambo."

"Wagwira zingwe za ntchito, iwe mkazi? Nyamuka! Nyamuka ndisanakunenere zoipa!"

Elube adanyamuka. Atafika pankhokwe adakumbukira kuti wasiya chipanda, ndipo chipandacho chidali cha amake. Adabwerera mwakachetechete, n'kuima pangodya ya nyumba. A Aroni adali atanyamula lamba uja. Adayang'ana kunjira, adamupotokola, n'kusendeza nkhope pafupi. Adakhala choncho nthawi yaitali. Adayesa pena. Adayesanso pena. Kenaka adapukutira zala zakuda m'udzu, n'kuika manja pamutu.

Mtima wa Elube udakhala pansi. Aona okha, adaganiza. Mawa atuma munthu kumishoni. Adachoka osatenga chipanda, ndipo njira yonse ankamwetulira yekha ngati wopenga.

Koma abale, manyazi ndi chinthu china. M'mawa mwake sadatume munthu aliyense. Zingwe sizidapitenso kudambo, zimenezo n'zoona. A Aroni adaziyanika padzuwa tsiku lonse, madzulo n'kuzipaka mafuta a nsatsi mpaka zidachita kung'anima, anthu odutsa n'kumayamikira kuti ndiye kusamala kumeneko. Ndipo Lachisanu adasintha malo a munthu mmodzi yekha. Mwana wawo Isake, amene ankaima patsogolo pa okoka, pafupi ndi khoma, adamuuza kuti azikagwira kunsonga kwenikweni, kumbuyo kwa onse.

Madzulo a Lachisanulo dzuwa lisanalowe, Elube adampeza Stefano akunola nkhwangwa kuseri kwa khola. Adamufotokozera zonse, za kudambo, za chipanda, za Isake.

"Akudziwa, bambo a Debora. Aona ndi maso awo. Musapiteko mawa. Nenani kuti mwadwala m'mimba."

"Ndikadwala ine, pakatipo aikapo Andreya. Tabita ali ndi pakati."

"Ndiye kanani nonse anayi!"

"Ndawauza. Amuna a Kezia akuti adangolowa chaka chatha, munda sadawapatsebe. Amuna a Manesi akuti Mulungu ndiye adziwa. Aliyense akuopa kukhala woyamba. Ine ndidayamba kale, ndipo mwaona pamene zandifikitsa."

"Nanga palibe njira ina yokwezera?"

"Njira zilipo. Lamba watsopano tikhoza kupota wa zikopa za ng'ombe, masiku anayi okha. M'mphepete mwa mtanda n'kuikamo ziguduli kuti usadye chingwe. Poyamba n'kukweza chikhato chimodzi chokha, kudikira, kumvetsera ngati chikulira. Ndipo pansi osaimapo munthu. Mtanda n'kumauwongolera ndi luzi lalitali muli chapatali. Zonsezi ndidawauza atsibweni anu sabata yatha. Adati nzeru za kudoko zikathere kudoko."

"Tiyeni tithawe. Tipite kwanu ku Ntchisi."

"Ndi mwana wa eni ake? Atitsatira dzuwa lisanatuluke mawa. Ndipo mtandawo ukwerabe, pansi pali anthu." Adayesa nkhwangwa ndi chala. "Mwina chipirira. Zingwe zowola zina zimapirira tsiku limodzi."

"Mwina! Ndikhale wamasiye chifukwa cha mwina?"

Elube adalira, ndipo sadabise. Adali ndi mantha, komanso adali ndi ukali umene sankadziwa poutula, pakuti munthu amene ankafuna kumuphera mwamuna ndi yemweyo adamulera atate ake atamwalira, yemweyo ankamubweretsera mapira a m'munda ali kamwana. Funso limodzi lidamukanirira pakhosi ngati minga ya nsomba: kodi atsibweni akukhulupiriradi kuti chingwe chipirira, kapena angoona kuti oima pansiwo ndi otayika kale? Adalitembenuza uku ndi uku, ndipo adapeza kuti njira yodziwira idali imodzi yokha.

Loweruka mudzi wonse udasonkhana. Akazi adabwera ndi mitsuko ya thobwa n'kukhala pamthunzi, pakhomo lalikulu la tchalitchi pamene chitseko chidali chisanaikidwe. A Aroni adavala jekete lawo la Lamulungu. Adapemphera pemphero lalitali, lopempha kuti Ambuye agwire ntchitoyo ndi dzanja lawo, ndipo Elube, amene sadatsinzine, adaona kuti thukuta likuwatsika m'khosi ngakhale dzuwa lidali lisanakwere.

Mtanda wa mbawa udali utagona pakati pa tchalitchi pamwamba pa zipika. Adaukulunga lamba, adakoletsa mbedza. Akamwini anayi adalowa ndi mphanda zawo, Stefano pakati. Sadayang'ane kumene kudakhala mkazi wake.

"Kokani!" adafuula a Aroni.

Okoka adayambitsa nyimbo yawo. Chingwe chidakungika, gudumu lidalira, ndipo mtanda udadzuka pazipika monyinyirika. Udafika m'mawondo. Udafika m'chiuno. Mafuta a nsatsi adayamba kuchucha palamba, osakanikirana ndi zakuda. Utafika m'mapewa akamwini adalowetsa mphanda zawo kunsi kwake, ndipo utapitirira mitu yawo adasendera pansi pake penipeni, nkhope zili m'mwamba.

Elube adamasula mbereko.

"Amayi, tandigwirirani mwanayu."

"Ukupita kuti?"

Elube adawapatsa mwanayo n'kunyamuka. Adalowa pakhomo paja akuyenda bwinobwino ngati akupita kukatenga moto kwa mnzake. Adadutsa Andreya, adafika pamene padaima mwamuna wake, n'kukhala pansi, miyendo atatambasula, mthunzi wa mtanda utamudula pakati. Adakweza maso n'kuyang'ana atsibweni ake.

Nyimbo idaduka. Okoka adangoima chigwirire, osadziwa ngati akoke kapena asiye.

"Make Debora, chokani!" adanong'ona Stefano, manja ali pamphanda. Sakadatha kuisiya.

"Pitirizani, atsibweni," adatero Elube mokweza, kuti ndi akazi a pakhomo omwe amve. "Ndikufuna ndione mmene umakwerera ukakhala pansi pake. Sindidaonepo."

"Elube, tuluka mmenemo," adatero a Aroni. Mawu adawatuluka opyapyala.

"Ndituluke chifukwa chiyani? Chingwe cha mzungu, chosamalidwa bwino. Taonani kung'anima."

"Si malo a akazi amenewo! Tuluka!"

"Ndikhala phee, sindisokoneza munthu. Auzeni akoke."

Pamwamba padamveka kaphokoso kakang'ono, thi, ngati munthu wathyola kaudzu. Kaulusi kamodzi kadadzuka palamba n'kuima. Kenaka kena. A Aroni adaziona, ndipo ukulu wonse wa mpingo, jekete, ndevu, manyazi a masiku atatu, zonse zidawathawa nthawi imodzi.

"Choka, mwana wanga! Chingwecho n'chowola! N'chowola m'kati monse, ndidachiona ndekha! Choka, ufa!"

Mawuwo adamveka mpaka kumanda. 

Woyamba kulankhula adali Stefano, ndipo sadalankhule ngati mkamwini.

"Isake! Felton! Musasiye, musagwedeze. Make Debora, kwawirani kukhoma, msanga. Andreya, inu nonse, bwererani m'mbuyo phazi limodzilimodzi, mphanda zili chigwirire mpaka mutuluke mumthunzi wake. Tsopano okoka, tsitsani. Pang'onopang'ono! Ngati mukutula mtsuko wodzaza."

Anthu amene zaka zinayi sadamverepo mawu ake adamvera onse. Mtanda udatsika, udafika m'mapewa, udafika m'chiuno. Utatsala pang'ono kufika m'mawondo, lamba adangoti phwe, ndipo mbawa idagwa ndi mdidi umene udagwedeza makoma. Chipika chimodzi chidang'ambika pakati. Okoka adagwa chagada mulu umodzi, fumbi lidadzaza tchalitchi chonse, ana adayamba kulira.

A Aroni adathamanga m'fumbimo, adapunthwa pachingwe, adadzuka, n'kukafika pamene Elube adatsamira khoma. Adamugwira mutu, mapewa, mikono, ngati akuwerenga ngati zonse zilipo.

"Mwana wa mlongo wanga! Wapweteka? Iwe mwana, ukadandipha! Ndikadawauza chiyani amako?"

Misozi idali ikuyenda m'ndevu zawo, ndipo idali misozi yeniyeni.  Elube adadikira kuti mpweya ubwerere, adachotsa manja awo paphewa pake mwaulemu, n'kuloza amuna anayi amene adaima poteropo, fumbi lili mbuu kumaso, mphanda zikadali m'manja.

"Ine ndili bwino, atsibweni. Koma ndili ndi funso limodzi. Awa mudawaika apawa, amayi awo mukadakawauza chiyani?"

 A Aroni adayang'ana kwa akulu anzawo a mpingo, akuluwo adayang'ana pansi. Adayang'ana kwa mlongo wawo, ndipo a Rebeka, mwana ali m'manja, adatembenuzira nkhope kumbali, kumene mwana wawo Solomoni, woyembekezera kukakwatira ku Bowe, ankadzisasa fumbi.

Andreya ndiye adayamba. Adayenda mpaka pamene padaima a Aroni, adawerama, n'kuika mphanda yake pamapazi awo. Amuna a Kezia adaika yawo pamwamba pake, amuna a Manesi chimodzimodzi. Stefano adaika yake pomalizira, adagwira mkazi wake padzanja anthu onse akuona, ndipo adatulukira pakhomo lalikulu. Palibe adawaitana kuti abwerere.